Chithunzi cha Alongo Anga pa Chulu

Ntchito yanga yoyamba inali m'kafe ya intaneti pa boma la Petauke, m'chipinda chimene kale chinali chosungiramo feteleza wa koparetivu. Fungo lake linali lisanatheretu. Mvula ikagwa makoma ankatulutsa kafungo koyabwa m'mphuno, ndipo makompyuta ochepa amene tinali nawo ankangouluza mpweya womwewo ndi timafani tawo.

Mwini kafeyo anali bambo amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Lusaka m'kampani ina ya boma. Zipani zitachuluka, makampani aboma n'kuyamba kugulitsidwa, iwo anali m'gulu la ochotsedwa. Anabwerera kwawo, anayesa salaula, malonda a zovala zakale, anayesa kugula mtedza, pomaliza anagula makompyuta akale n'kutsegula kafe. Ine anandilemba ntchito chifukwa abusa a kwathu anawauza kuti ndine mnyamata wosaba komanso wosayankha akuluakulu. Zonse ziwiri zinali zoona. Sukulu ndinaphunzira kumudzi, ku Sandwe, ndipo kompyuta ndinaiona koyamba tsiku limene ndinayamba ntchito. Ndinkaigwira ngati mmene munthu amanyamulira khanda la eni.

Abwana angawo anali ndi bulogu, tsamba lawolawo la pa intaneti pomwe ankalembapo za mafoni, mabatire ndi masola. Oliwerenga anali ochepa: aphunzitsi angapo, mlangizi wa zaulimi, ndi mnzawo wina wa ku Nyimba amene ankatsutsa chilichonse. Koma iwo ankalisamala ngati dimba. M'mawa uliwonse, tisanatsegule chitseko, ankayamba awerenga bulogu ya mkulu wina wa ku Lusaka amene ankalemba nkhani zomwezo. Mkuluyo akalemba kuti foni yakuti ndi yabwino, sabata isanathe inkasowa m'masitolo. Akainyoza, ogulitsa ankaitsitsa mtengo. M'mbali mwa tsamba lake munali timabokosi ta makampani otsatsa malonda, tina tothwanima.

Tsiku lina ndinalimba mtima n'kufunsa kuti munthu wolemba zinthu zimene anthu akuwerenga ulere amadya chiyani.

"Ona apa," anatero abwana, akuloza timabokosito ndi cholembera. "Nkhani ni nyambo. Owelenga ni nsomba. Awa a makampani ndiwo agula nsomba. Nsomba zikachuluka, mtengo ukwela. Wamva?"

Ndinati ndamva, ngakhale kuti zinanditengera nthawi kuti ndimvedi.

Kulemba ndinayamba mwangozi. Masiku amenewo mlongoti wa netiweki unali pa boma pokha ndi malo ena a m'mbali mwa msewu waukulu. Ukangolowa m'midzi foni inkafa, n'kumadzuka apa ndi apo ngati munthu wodwala malungo. Abwana anandibwereka foni yawo ya kamera n'kundiuza kuti ndikamapita kwathu ndiziona malo amene ikugwira. Ndikabwera ndinkalemba timawu tochepa: pa mjigo wakuti imani chakumadzulo, pa mlatho wakuti kwerani pa chitsulo, m'dera la Msanzala musavutike kufikira mutadutsa sukulu. Madalaivala a malole a thonje anayamba kubwera kudzafunsa. Abwana ankasintha Chingerezi changa, koma tsiku lina anasiya ndime yonse osaikhudza, ndipo ine ndinakhala tsiku lonse ndili ndi chimwemwe chimene ndinalibe woti ndimuuze.

Kwathu malo ogwira netiweki anali amodzi okha: chulu chachikulu cha m'munda mwa alamu anga. Alamuwo, amuna a alongo anga aakulu, anabwera kuchokera ku Mozambiki ali mwana, nthawi ya nkhondo. Mtendere utabwera makolo awo anabwerera kwawo cha ku Tete, koma iwo anatsala ndi achibale kuti apitirize sukulu, ndipo anakulira konkuno, n'kukwatira. Choncho alongo anga anali asanaonanepo ndi apongozi awo aamuna. Ankangowamva mawu. Lamulungu lililonse akaweruka ku tchalitchi, nkhalambayo inkapita pa sitolo ina ya kwawoko n'kuimba, ndipo banja lonse linkakhala likudikira pa chulu.

Vuto linali lakuti netiwekiyo inkapezeka pamwamba penipeni, munthu ataimirira. Tsiku loyamba alongo anga atapatsidwa foni, anangomva mawu a apongozi n'kugwada, monga mmene mtengwa aliyense wa kwathu angachitire. Foni inaduka. Anaimirira, apongozi anaimbanso, iwo anagwadanso, inadukanso. Anthu amene anali m'munsi anaseka mpaka kugwira m'mimba. Alamu anawauza kuti atate sakukuona, lankhula uli chiimire. Alongo anga anakana. Anati kulankhula ndi apongozi ataimirira ngati wapolisi sangathe, kuli bwino asalankhule n'komwe.

Sabata yotsatira alamu anadula mitengo n'kumanga nsanja pamwamba pa chulucho, yonga ija timamanga polondera anyani m'chimanga. Anaiyeza bwino kuti munthu akagwada pamenepo, mutu wake uzifika pomwe umafika wa munthu woimirira. Posakhalitsa mudzi wonse unayamba kuigwiritsa ntchito. Akamwini ankanjuta pamenepo atavula zipewa, atengwa ankagwada, ndipo achinyamata oimbira zibwenzi ankangoima m'mbali, chifukwa iwo nsanja inalibe nawo ntchito.

Lamulungu lina ndili kwathu ndinajambula alongo anga ali pansanjapo. Ndinali m'munsi mwa chulu. Iwo anali atagwada, foni ili ku khutu, dzanja lina litagwira pa mkono monga timachitira polandira chinthu kwa wamkulu. Apongozi ayenera kuti ananena choseketsa, chifukwa anali akuseka, nkhope itayang'ana kumwamba, kumbuyo kwawo kuli thambo lokhalokha. Sanadziwe kuti ndajambula. Inenso sindinaganize zambiri. Ndinangoona kuti n'chokongola.

Mkulu wa ku Lusaka uja anafika m'kafe mwathu mosayembekezeka. Anali pa ulendo wa ku Chipata, akuyesa kachipangizo katsopano kolumikizira intaneti, ndipo anapatuka kuti adzatchaje laputopu yake. Abwana atamuzindikira anathamangira kuseri n'kubwera atavala jekete, ngakhale kunali kutentha kwa mwezi wa Okutobala. Ine ndinkayembekeza munthu wamkulu thupi, wa mawu olemera. Anali wamng'ono ndithu, wamfupi, wovala nkhwaira, ndipo anandipatsa moni wa padzanja ngati ndine mnzake.

Abwana anamuonetsa bulogu yawo, kenako timawu tanga ta malo a netiweki. Mlendoyo anawerenga mofulumira, chala chikuthamanga. Atatero abwana anatenga foni ya kamera ija n'kuyamba kumuonetsa zithunzi za mijigo ndi milatho. Atafika pa cha alongo anga, mlendoyo anaseka, kenako anasiya kuseka n'kuyandikitsa foniyo kumaso.

"Ni ndani uyu?"

"Ni alongo anga, bambo."

"Manje agwadila ndani? Netiweki?"

Ndinafotokoza za apongozi ndi za nsanja, ndikuyang'ana pansi. Anamvetsera bwino, sanandidule.

"Mufana, uziba chamene uli nacho apa?" anatero. "Ine nalemba za mafoni zaka na zaka, sininaonepo chinthu monga ichi. Mutu wake nauona kale: Kum'mawa agwadila netiweki. Dziko lonse izatsegula." Anatembenukira kwa abwana. "Mudala, uyu mwana mwamubisa. Nifuna munthu kuno kum'mawa, wonitumila nkhani za kumidzi. Dzina yake pansi pa nkhani iliyonse. Tiyambe na iyi."

Anatulutsa kachingwe m'chikwama kuti akopere chithunzicho. Mpaka lero sindidziwa kumene mawu anachokera, chifukwa sindinali munthu wokana chinthu kwa mlendo. Ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti, "Nikawafunse poyamba, bambo."

Abwana anandiyang'ana ngati ndathira tiyi pa kiyibodi. Mlendoyo anangokweza mapewa n'kubweza kachingwe kake.

"Funsa. Koma osachedwa. Pa intaneti nkhani iola msanga kupambana tomato."

Atachoka, abwana anavula jekete n'kulipachika pa msomali. Kenako anati, "Iwe, fodya wako ni uja ali pamphuno. Wa pachala ni wa mphepo. Munthu wabwela yekha pakhomo, iwe uti nikafunse. Pita mailo, ukabwele na yankho."

Ndinakwera lole yopita ku Sandwe m'mawa mwake, nditakhala pamwamba pa matumba a simenti. Msewu wa kwathu sulola munthu kuganiza mowongoka, koma ndinayesetsa. Ntchitoyo ndinkaifuna kwambiri. Ndinkafuna kuona dzina langa pa tsamba limene abwana ankawerenga m'mawa uliwonse. Ndinkafuna kuti aphunzitsi anga akale amve kuti mnyamata uja ankachita chibwibwi powerenga kutsogolo kwa kalasi tsopano akulembera anthu a ku Lusaka. Ndinkaganiza kuti alongo anga adzaopa kusekedwa ndi anthu a m'tauni, ndipo ulendo wonse ndinkakonza mayankho a nkhawa imeneyo: kuti osekawo sakuwadziwa, kuti ndidzapempha mutu wina, kuti mwina kampani ikaona idzatibweretsera mlongoti.

Ndinawapeza akusenda mtedza pakhonde, alamu akukonza tcheni cha njinga pambali. Nditapereka moni ndi kumwa madzi, ndinatulutsa foni n'kufotokoza zonse. Alongo anga anapukuta manja pa chitenje, analandira foniyo ndi manja awiri, n'kuyang'ana nthawi yaitali. Alamu anasuzumira paphewa pawo.

"Mlamu, wajambula mkazi wanga osalipila? Mbuzi imodzi," anatero. "Koma waoneka bwino, mai. Monga wa pa kalenda."

Alongo anga sanaseke. Anafunsa kuti, "Intaneti imeneyo ifika ku Tete?"

"Ifika kulikonse."

"Ndiye apongozi angachione."

"Atate maso anatha," anatero alamu. "Nkhuku aiona monga galu."

"Ali na adzukulu m'tauni, ali na mafoni. Azawauza kuti mkazi wa mwana wanu uyu apa." Anandibwezera foniyo. "A ku Lusaka aseke, sanidziwa, siniwadziwa. Koma apongozi sananimasule. Niwaonekele chonchi, maso gwa, mano pamtunda?"

Mayankho anga onse a pa lole anathera pomwepo. Mwambowo ndinkaudziwa kuyambira ubwana, koma sunandibwerere m'mutu ngakhale kamodzi. Kwathu mtengwa sayang'ana apongozi ake aamuna kumaso. Akakumana panjira amapatuka, akamalankhula nawo amayang'ana kumbali, kufikira tsiku limene apongoziwo adzamupatse kanthu ndi dzanja lawo, kaya nkhuku kaya mbale, n'kumuuza kuti tsopano ndiwe mwana wanga. Alongo anga anali atabereka ana atatu m'banjamo, koma popeza anali asanakumane ndi nkhalambayo, tsikulo linali lisanafike. Ndinakumbukira kuti ngakhale pansanja paja ankagwada chopendekera, osayang'ana kumwera kumene kuli Tete.

Ndinayesa kamodzi kokha. "Ni chithunzi chabe, alongo. Simuwayang'ana inu."

"Nanga m'chithunzimo ayang'ana ni ndani?"

Alamu anasiya tcheni chija. Nthabwala zinali zitawathera. Anati atate awo akhala akunena chaka ndi chaka kuti adzabwera akakolola, kapena kuti iwo apite, koma nthawi zonse pamakhala chovuta, mapepala a pamalire, matenda, mvula. Anati nkhalambayo inasunga kale mbale ya mkazi wa mwana wake, ndipo imaitchula pa foni.

Alongo anga anabwerera ku mtedza wawo. Ndikuganiza kuti anaona nkhope yanga, chifukwa patapita kanthawi anati, "Ngati ni ntchito yako, jambula kumbuyo. Msana ulibe mlandu."

Ndinati tipite pomwepo dzuwa lisanapendeke. Anandiyang'ana modabwa n'kufunsa kuti akagwadira ndani, poti lero si tsiku loimba apongozi. Anati sangakwere pansanja kukagwadira mphepo. Choncho ndinadikira mpaka Lamulungu, ndikuthandiza kusenda mtedza, mawu aja a tomato akundizungulira m'mutu.

Lamulungu anavala chitenje chawo cha ku tchalitchi ndi duku loyera. Foni italira anakwera, anagwada, ndipo ine ndinazungulira kuseri kwa chulu. M'chithunzicho munatuluka duku, msana wowongoka, zidendene zong'aluka zitatulukira kunsi kwa chitenje, mitengo ya nsanja, ndi thengo lotsetserekera ku chigwa. Chinali chithunzi chabwino. Koma ndinadziwa ndisanatsike kuti sichinali ngati choyamba chija.

Nditabwerera ku boma ndinalemba nkhani yonse, ya chulu, ya nsanja, ndi chifukwa chake. Ndinailemba mobwerezabwereza, ndikufufuza mawu m'dikishonale ya abwana, kenako tinaitumiza pa imelo pamodzi ndi chithunzi cha kumbuyo. Masana ake mkulu uja anaimba pa foni ya abwana n'kupempha kulankhula nane. M'kafe munali anthu, ndipo onse anasiya zimene ankachita.

"Mufana, nkhani yako ni yabwino. Ulemba bwino, zoona. Koma wanitumila msana."

"Inde, bambo."

"Msana sugulitsa. Anthu atsegula nkhope. Tuma chija choyamba."

"Pepani, bambo. Anakana nkhope."

"Nichotse mutu uja? Ningalembe wina, wa ulemu. Nilibe nao vuto."

"Si mutu, bambo. Ni apongozi awo."

Anapuma mpweya wautali. Sanakwiye. Anati akumvetsa, kuti nayenso ali ndi agogo kumudzi. Kenako anati, "Koma na ine nili na onidyetsa. Sawelenga nkhani, aona chabe kuti atsegula ni angati. Nikaika msana, nataya tsiku." Anadikira kuti mwina ndinena china. Ndinangobwereza kuti pepani, ndipo ndinamva manyazi kuti anthu onse m'kafemo akundimva ndikupepesa.

"Chabwino," anatero. "Ukapeza china, unitumile."

Ndinamutumizira zina ziwiri kapena zitatu m'miyezi yotsatira, za masola ndi za anyamata otchaja mafoni ndi mabatire a galimoto. Sanayankhe. Mvula isanathe, pansi pa nkhani za kum'mawa pa tsamba lake panayamba kuoneka dzina la mnyamata wina wa ku Chipata. Ndinkaziwerenga zonse. Zinali zabwino, ndipo zimenezo zinkandipweteka kwambiri kuposa zikanakhala zoipa.

Abwana anakhala masiku angapo akundilankhula za ntchito zokha. Tsiku lina ndikupukuta makompyuta anati, "Iwe uzakalamba na kansalu ako m'manja." Koma madzulo a tsiku lomwelo anaika nkhani yanga pa bulogu yawo, ndi chithunzi cha kumbuyo, osasintha liwu ndi limodzi lomwe. Anaiwerenga anthu athu a masiku onse aja. Mnzawo wa ku Nyimba analemba m'munsi kuti nsanjayo idzagwa ndi chiswe.

Zaka zapita, ndipo inenso ndakhala ndikulemba pa intaneti, pa masamba a anthu ena ndi panga. Ndalembapo mitu ya nkhani imene ndinkadziwa kuti ndi nyambo. Mkulu uja sindimuona ngati munthu woipa. Ananena zoona za malonda ake, ndipo anazinena poyera, zimene ambiri sachita. Chimene ndimaganizirabe n'chakuti tonse atatu, iye, abwana ndi ine, tinkayang'ana chithunzi chija n'kumaganiza za anthu ambirimbiri amene adzachione. Alongo anga ankaganiza za munthu mmodzi, wa maso ofooka, amene mwina sakanachiona n'komwe. Nthawi zina ndikamaliza kulemba ndimadzifunsa kuti munthu mmodzi wa nkhani imeneyi ndi ndani. Si nthawi zonse pamene ndimamupeza.

Foni ya kamera ija inali ya abwana, ndipo inkadutsa m'manja ambiri. Sindikanasiya chithunzi choyamba chija mmenemo, komanso mtima sunkalola kuti chingotayika. Ndinapita nacho kwa wojambula wa pafupi ndi msika, amene anali ndi makina otsukira zithunzi za m'mafoni. Anatsuka chimodzi, ndipo ndinaima pomwepo mpaka atachifufuta m'kompyuta yake. Kenako ndinachifufuta m'foni.

Ndinachipereka kwa alongo anga pa Khirisimasi, tili awiri kuseri kwa nkhokwe. Anachiyang'ana, anachitalikitsa, anachiyandikitsanso.

"Kansi nimaseka chonchi?"

"Nthawi zina."

"Mano onse panja, monga mbuzi yaona mchele." Anachikulunga m'kansalu, analowa nacho m'nyumba, ndipo ndinamva akukoka sutikesi pansi pa bedi. Atatuluka anandituma kukatunga madzi, chifukwa alendo anali atayamba kufika.